Vinyo Wouma wa Asewere

Loweruka lija a Benedicto anafika kwa mlongo wawo, a Stelia, ku Mkanda atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, m'thumba muli tambula ya mwendo umodzi imene anabwera nayo kuchokera ku Chipata, kumene anagwirako uweta, woperekera alendo zakumwa, pa loji ina kwa kanthawi kosakwana ndi dzinja lomwe. Nkhani inali yakuti Luwiza, mwana wa a Stelia amene ndi namwino ku Jeremani, wapeza mwamuna kumeneko, koma bambo ake a mnyamatayo, mlimi wa mphesa wopanga yekha vinyo, anali asananene inde kapena ayi. Mkuluyo anangotumiza mabotolo atatu, nati masana a tsikulo aimba foni ya kanema kuti aone ngati akuchikazi ndi anthu odziwa kulemekeza thukuta la mnzawo. Ankhoswe ndiye anali a Benedictowo, munthu woti akanena kuti mbuzi iyi ndi nkhosa, mbuziyo imangoyenera kuvomera.

"Mabotolo aja ali kuti, achemwali?" anafunsa a Benedicto akutsamiritsa njinga pachigafa.

"Ali mumtsuko wa madzi, monga ananenera Luwiza."

"Atulutseni tiyeserere."

"Tiyeserere chiyani? Kumwa amayeserera?"

"Kwaya imaimba osayeserera? Azungu aja akatipeza tikupapira vinyo wawo ngati thobwa la kumunda, ukwati wa mwana wathera pomwepo. Ine zimenezi ndinazionera ku Chipata."

"Dikirani kaye, mumve mwini wake."

A Stelia anamasula foni pamfundo ya chitenje n'kudina uthenga wa mawu. Luwiza anamveka akunena mofulumira: "Amayi, mabotolowo musunge pozizira. Loweruka masana tiimba, tidzalawe limodzi. Chonde musandichititse manyazi, nkhalambayi vinyo wake imamukonda kuposa ana ake."

"Mwamva?" anatero a Stelia. "Wati tidzalawe limodzi. Botolo limodzi. Nanga awiri enawo ndi a chiyani?"

A Benedicto anakanda chibwano. Iwo m'mutu mwawo anamva limodzi la pamodzi, koma kumva kwa mlongo wawoku kunawakomera kwambiri moti kwawoko anakutaya.

"Enawo ndi oyesererawo. Azungu sachita zinthu mwachisawawa. Lonenepa lokhala ndi waya kukamwalo tisungire foni, awiri owondawo bwerani nawo pakhonde. Mutengenso beseni."

"Beseni? Tisamba?"

"Muona."

Anakhala pakhonde, mtedza uli mbwee pamkeka pabwalo. A Benedicto anapukuta tambula yawo ndi mpango, a Stelia anadzitengera kapu ya tiyi. Botolo loyamba linatsegulidwa, aliyense n'kuthiriridwa pang'ono.

"Uyu dzina lake ndi Rizilingi," anatero a Benedicto atafinya maso pa pepala la botolo. "Vinyo woyera."

A Stelia anakonza duku msangamsanga n'kuchita chizindikiro cha mtanda. "Woyera? Anadalitsa ndi ansembe ati?"

"Osati kuyera kwa kutchalitchi! Kuyera kwa mtundu."

"Mtundu wake ndi uwu?" Anasuzumira m'kapu. "Achimwene, woyera ndi ufa. Woyera ndi laimu. Uyu akuoneka ngati tiyi amene masamba ake agwira ntchito kachitatu."

"Aaa, inu! Tamverani. Vinyo sumangomwa ayi. Umayamba wamugwedeza kuti adzuke."

"Anagona?"

"Wayenda ulendo wautali. Ndege, minibasi, njinga. Inu simukanagona?" Anazunguza tambula yawo mokhala ngati akuwongolera kwaya. "Vinyo aliyense amafunika kumugwedeza kaye. Gwirani mawu amenewo. Aliyense."

"Aliyense," anabwereza a Stelia, n'kugwedeza kapu yawo mpaka wina anatayikira pachitenje.

"Manje nunkhizani." Mawu akuti manje a Benedicto ankawatulutsa pokhapokha akafuna kukumbutsa anthu kuti anakhalako ku Zambia. "Mukumva chiyani? Muyenera kumva maapozi, mandimu, ndi kafungo ka miyala ya kumtsinje."

A Stelia analowetsa mphuno m'kapu. Anaitulutsa. Anailowetsanso.

"Petulo."

"Chiyani?"

"Petulo, achimwene. Botolo ili linasungirapo petulo. Asewere anagula mabotolo kwa mavenda ngati aja a kuboda, osatsuka n'komwe."

A Benedicto ananunkhiza mwaukali kuti atsutse, koma kapetuloko kanalimodi. Anakhosomola.

"Ndiye ubwino wakewo! Rizilingi wokhwima amatero. Mzungu wina ku loji kuja atamva fungo limeneli misozi inalengeza."

"Ameneyo anali atagona pamzere wa mafuta."

"Anali katswiri!"

"Ndiye tisawononge. Timuitane Gerald wa kabaza athire m'njinga yamoto yake, akatitengere shuga kusitolo ulere."

"Achemwali, ndikupempheni, khalani chete muone mmene amachitira odziwa."

Anapsontha pang'ono, anatupitsa masaya, anayamba kuchukucha m'kamwa ngati munthu wodwala dzino, maso ali kumwamba. Kenaka anawerama, n'kulavulira m'beseni muja.

"Mayo ine!" A Stelia anadzigwira pamutu. "Mwalavula!"

"Eya, ndi mmene amalawira."

"Mwalavula mphatso ya asewere! Pakhomo panga! Inu ankhoswe! Kumeneko si kukana ukwati?"

"Akatswiri onse amalavula."

"Akatswiriwo ana awo anakwatiwa?"

"Izo sindinafunse."

"Mukanafunsa. Ine chibadwire sindinaone munthu akulavula chakumwa cha akuchimuna, pokhapokha mutagwera ntchentche." Anasendeza mpando. "Chabwino. Inu zilavulani. Ine ndizimeza kawiri, kwanga ndi kwanu, kuti chipongwechi chisafike ku Jeremani."

Anameza kwawo. Anathiranso, n'kumeza kwa achimwene awo. Nkhope inakwinyika ngati aluma bwemba.

"Hiii! Amaluma!"

"Mwaona? Kumeneko ndiye kuuma kwake. Taonani apa alemba kuti tirokeni. Ndiye kuti vinyo wouma."

"Wotani?"

"Wouma."

A Stelia anaviika chala m'kapu, anachitulutsa, anachiyang'ana, n'kuchionetsa kwa mlongo wawo chikudontha.

"Wanyowa."

"Sindikunena kuuma kumeneko!"

"Kuuma kulipo kungati? Wouma ndi mtedza uli pamkekawo. Zouma ndi nkhuni. Ichi chatayikira pachitenje panga, pakadali ponyowa mpaka pano, gwirani."

"Kuuma kwa vinyo ndi kusakhala ndi shuga."

"Ndiye nenani kuti wopanda shuga. Phala lopanda shuga mumati louma?"

"Phala si vinyo. Akaimba, ine ndiwauza kuti, bwana, vinyo wanu ndi wouma bwino. Akondwera kwambiri."

"Simunena zimenezo."

"Ndinena."

"Muwauze asewere pamaso kuti anaumira shuga? Tsiku loyamba kuonana, mwayamba kale kuwanena kuti ndi ouma manja? Ayi, achimwene. Ngati shuga anawathera, tiwabisire. Ndikatenge wanga tithiremo masupuni awiri, iwo sadziwa."

Anadzuka. A Benedicto anawagwira chitenje.

"Mukathira shuga mu Rizilingi ine unkhoswe ndausiya! Khalani pansi. Lawaninso modekha, mumve mmene lilime likuumira."

A Stelia analawanso modekha.

"Lanyowa."

"Dikirani kaye atsike. Tsopano?"

"Kukhosi nako kwanyowa."

"Simukumvetsera bwino. Onani ine." Anachukucha, analavula. A Stelia anameza kawiri.

"Nanga pamenepo?"

"M'mimba mwafunda. Koma kuuma ayi."

Anakanganirana choncho, wina kulavula wina kumeza, mpaka botolo loyamba linapepuka lokha. Wogonja panalibe. Nkhuku imene inabwera kudzasuzumira m'beseni inangonunkhiza n'kubwerera.

"Titsegule linalo," anatero a Benedicto. "Mwina ili mumva, chifukwa ndi la oyamba kumene. Apa alemba kuti halubu tirokeni. Wouma theka."

"Theka?" A Stelia anaomba m'manja kamodzi. "Kodi anthu amenewa ndi alimi enieni? Fodya wouma theka kuokushoni amabweza. Mtedza wouma theka umachita chuku. Bweretsani kuno ndimuyanike pamkeka amalize kuuma, dzuwa likadalipo."

"Siyani botololo! Padzuwa amafa!"

"Ndiye akagona timudzutse, akapita padzuwa afe?"

"Eya. Ndipo taonani apa." Anathira, n'kupendeketsa tambula kuloza timizere totsetsereka m'mbali mwake. "Imeneyi ndi miyendo yake. Ameneyu ali ndi thupi labwino."

"Ali ndi thupi, ali ndi miyendo, amagona, amadzuka, amaopa dzuwa. Achimwene, asewere atitumizira chakumwa kapena mlendo? Ndimuyalire mphasa?"

"Imwani!"

A Stelia anamwa mokayika. Nkhope ija inayamba kumasuka pang'onopang'ono.

"Eee. Uyu ndiye analeredwa. Woyamba uja amangofika n'kuluma. Uyu amayamba wakupatsa moni, kukufunsa za kunyumba, kenaka n'kukutsina pang'ono potuluka. Akukhala ngati mango amene atsala tsiku limodzi kuti apse."

"Mawu amenewo si a vinyo. Amati ali ndi zipatso zambiri, ndipo amathera bwino."

"Kuthera bwino ndiye tiona, akadalipo wambiri."

A Benedicto anapsontha, anachukucha, anayang'ana kumwamba. Kholingo linakwera n'kutsika.

"Mwameza!" anakuwa a Stelia akuwaloza.

"Sindinameze."

"Ndaona ndi maso angawa. M'beseni simunagwe kanthu."

"Ndalavulira m'kati."

"Ooo. Ndiye ine ndimeze kamodzi kapena kawiri?"

"Kawiri. Kulavula ndi kulavula basi."

Kuyambira pamenepo akatswiri aja anangolavulira m'kati mokhamokha, beseni linapuma. Botolo lachiwiri silinachedwe ngati loyamba lija. Litatha, a Stelia anayang'ana mtedza, kapu ili pamiyendo.

"Achimwene, ine mantha ndili nawo," anatero motsitsa mawu. "Mwana uja dzana analira pafoni. Mnyamatayo amamukonda zedi. Ali yekha kudziko lozizira, alibe wina woti angakamudandaulire. Nkhalambayo ikakana chifukwa cha ife, ine ndidzamuyang'ana bwanji?"

A Benedicto anaika tambula pansi. Luwiza anali mwana amene iwo anamunyamula panjinga tsiku loyamba kupita kusukulu, ndipo ankamunyadira kuposa jekete yawoyo.

"Sikana. Nkhani ili m'manja mwanga. Inu mungokhala pambali n'kumamwetulira." Anatenga botolo lonenepa lija. "Ili waya wake amavuta. Ndimasuliretu kuti lisadzatichititse manyazi pamaso pa alendo."

Anapotokola waya uja n'kumuika m'thumba, botolo analiimika pansi. Kenaka anadzuka, anakoka jekete, anatembenukira kuchigafa n'kuyamba kuyeserera mawu awo ngati kuti mitengo ya chigafayo ndi Ajeremani.

"Bwana, ife a kuno ku Mchinji, mogwirizana, titalawa mosamala..."

Kumbuyo kwawo kunayamba kumveka khutchu, khutchu, khutchu.

"...tapeza kuti vinyo wanu ali ndi thupi, ali ndi... Achemwali, chikumvekacho n'chiyani?"

"Pitirizani, ndikumva."

Anatembenuka. A Stelia anali atagwira botolo ndi manja awiri, akulikhutchumula ngati mankhwala a chifuwa a mwana.

"Mukutani?"

"Ndikumudzutsiratu, kuti akamaimba apeze ali maso."

"Osati ameneyo!"

"Munati aliyense. Ndinabwereza, inu n'kuvomera."

"Ameneyo ndi Zekiti, wathovu! Sagona ameneyo! Ikani pansi! Ayi, musaike! Patseni kuno!"

Anangolilanda, phuu! Chotsekera chinakamenya malata, nkhuku zinabalalika, galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. Thovu linatumphuka molunjika kuchibwano cha ankhoswe. Anatsekapo ndi chala chachikulu, ndiye linachita kufwamphukira m'mbali, m'maso, m'makutu, m'kolala. Anathamanga nalo kuzungulira mkeka akukuwa kuti, "Tambula! Tambula!" A Stelia anawatsatira ndi beseni.

Phokoso litatha, a Benedicto anaima pakati pa bwalo akudontha kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato.

"Sunapse mowa uwu," anatero a Stelia akupukusa mutu. "Ukadawira. Asewere anaphula msanga."

"Musandiyankhule."

"Watsalamo?"

Anapendeka botolo. Munatuluka kokwana pansi pa kapu pokha. A Stelia anakayang'ana, timathovu tikuthethekera.

"Apa palibe choonetsa alendo. Ndione ngati uyunso ndi wonyowa." Anameza, n'kuyetsemula. "Amalowa ndi kumphuno komwe. Wamwano uyu."

Pomwepo foni inalira.

Onse awiri anaiyang'ana ngati njoka. Inalira, inaliranso. A Stelia anapukuta chala pachitenje n'kudina. Panaoneka nkhope ya Luwiza, pambali pake mnyamata wamtali akumwetulira mwamantha, ndipo pakati panakhala nkhalamba ya ndevu zoyera za pamlomo, yosaseka. Patebulo patsogolo pake panali mabotolo atatu ofanana ndi aja, osatsegula, ndi matambula a miyendo ali ndandanda.

"Amayi! Amalume! Muli bwanji?" anatero Luwiza. "Amalume, mwanyowa ndi chiyani? Kukugwa mvula mu Juni?"

"Thukuta," anayankha a Benedicto.

"Chabwino, bweretsani mabotolo atatu aja. Bambo akufuna tizitsegula limodzilimodzi, iwo kuno inu uko, tizilawa nthawi imodzi."

"Atatu?" anafunsa a Stelia. "Iwe unati tidzalawe limodzi."

"Eya, limodzi. Pamodzi, tonse."

"Osati botolo limodzi?"

"Amayi... mabotolo ali kuti?"

A Stelia anayang'ana achimwene awo. Achimwene awo anayang'ana nkhuku.

Nkhalamba ija inayankhula mawu ochepa okhala ngati ikutsokomola.

"Akufunsa ngati pali vuto ndi vinyo wawo," anatero Luwiza.

A Stelia anawerama n'kutola botolo loyamba lija. Analizondotsa kuti aone ngati mwatsala kadontho koonetsa. Simunatuluke kanthu. Anagwedeza. Zii. Anapisamo chala, chinatuluka mmene chinalowera. Maso awo anatseguka ngati munthu amene wamvetsa ulaliki patapita sabata.

"Achimwene," ananong'ona, "pepani, ndinakutsutsani pachabe. Waumadi."

"Bisani botololo!" ananong'ona a Benedicto. "Si wouma! Nenani kuti akadalimo, ndi wonyowa, tasunga m'nyumba!"

"Iii, mwasinthanso? Tsiku lonse mwakhala mukundiphunzitsa."

"Achemwali, ndagwira mwendo wanu, mawu amenewo ayi!"

Koma a Stelia anali atayimika kale foni pampando. Anagwada mwaulemu monga amachitira pamaso pa asewere, anaomba m'manja katatu, n'kundandalika mabotolo onse atatu.

"Luwiza, uwauze asewere anga mmene ndinenere, usachotsepo. Woyambayu amaluma ngati bwemba ndipo amanunkha petulo, koma achimwene akuti ndiye ulemerero wake. Wachiwiriyu ali ndi ulemu, angathe kukhala ndi anthu. Wachitatuyu ndi wamwano, sadikira kuthiridwa. Tinalakwitsa kumva, tayamba ife osawadikira, atikhululukire. Koma tawayesa bwinobwino onse atatu." Anazondotsa mabotolo aja limodzi ndi limodzi patsogolo pa foni. "Ndi ouma."

Luwiza anatseka maso. Mnyamata uja anamugwira paphewa. Kenaka ndi mawu aang'ono ngati a mwana wolapa, anamasulira zonse, osachotsapo.

Nkhalamba inasendera pafupi mpaka pafoni panangodzaza ndevu. Inayang'ana botolo loyamba, lachiwiri, lachitatu. A Stelia anayamba kupemphera chamumtima kuti ngati pali chilango chigwere iwo, mwana asiyidwe.

"Tirokeni," inatero nkhalamba pang'onopang'ono.

Ndevu zija zinagwedezeka. Kenaka inaphulika kuseka, kumenya tebulo mpaka matambula analira, kupukuta misozi ndi chikhatho, kubwerezabwereza mawu omwewo. Inayankhula zambirimbiri ikuloza a Stelia.

"Amayi!" Luwiza anali kuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Akuti chiyambire kupanga vinyo, anthu akhala akuwauza kuti ndi wouma, koma palibe anabweretsapo umboni. Akuti mlimi sasangalala ndi mawu, amasangalala ndi botolo lopanda kanthu. Akuti kuchinkhoswe abwera okha, ndipo abwera ndi mabokosi, chifukwa atatu aona kuti kwanuko sakwana!"

A Stelia anaimba nthungululu mpaka galu uja anayambiranso kuuwa. A Benedicto mawu anawabwerera nthawi yomweyo. Anakoka jekete yonyowayo, anasendera pafoni, dontho likulendewera kumphuno.

"Uwauze kuti mawu akuti wouma ndinaphunzitsa ndine."

Nkhalamba inawayang'anitsitsa, n'kufunsa kanthu kena ikusekabe.

"Akufunsa kuti," anatero Luwiza akudziletsa, "ngati zonse kumeneko zauma, nanga abambo akudonthawo ndi ndani?"

A Stelia anayang'ana mlongo wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kufoni mwaulemu.

"Uwauze kuti amenewa ndi ankhoswe athu, ouma theka. Mutu unauma kalekale, yangotsala jekete."